Ulusi Wofiira Pakhadi la Kadontho

Make Kadontho anali munthu wowerenga zitseko. Akalowa m'chipinda chilichonse, maso ake ankayamba afunafuna potulukira, kenako n'kusankha mpando woti msana utsamire khoma. Sanabadwe choncho ayi. Anayamba miyezi isanu yapitayo, tsiku limene anachoka kwa mwamuna wake mwana ali kumsana, diso lakumanzere litatupa, mano awiri akugwedera. Kuchokera tsikulo mwamunayo ankamusakasaka. Anafika kwa apongozi ake, anafika kwa anzake a mkaziyo a kusekondale, ndipo kulikonse ankasiya mawu omwewo: mwana ndi wake, akangomupeza amutenga.

Mwanayo anabadwa miyezi isanakwane, wochepa moti anamwino anamutcha Kadontho, dzinalo n'kukanirira. Mtima wake unali ndi kabowo, choncho mwezi uliwonse ankayenera kukaonedwa ndi dokotala wa ana ku chipatala chachikulu. Kumeneko kokha ndi kumene make sakanatha kusiya kupitako, ndipo bambo a mwanayo ankadziwa zimenezo. Chimene sankadziwa ndi tsiku ndi ola lake.

Wosunga chinsinsi chimenecho anali mayi wina wa mu ofesi yothandiza odwala pa mavuto a kunyumba, kumapeto kwa khonde lalitali, kuseri kwa chipinda chochapira. Chipatala chonse chinkawatchula kuti Mayi a Ulusi. Anali wamfupi, wa imvi za patsogolo, singano ili chibayire pakolala, nsapato zoyendera zili pansi pa tebulo. Munthu aliyense wofika mu ofesimo ankamulembera khadi, ndipo makhadiwo, oposa zikwi ziwiri, ankakhala m'madirowa a matabwa. Pa makhadi ena ankaboola pakona n'kumangapo kaulusi. Wobiriwira unali wa wodwala wopanda womusamalira kunyumba. Wachikasu unali wa munthu wosamva kapena wosawerenga, woti uthenga umupeze pamaso. Wofiira unali wa anthu onga make Kadontho: osaimba foni pa nambala yolembedwayo, osauza aliyense wofunsa, ngakhale atabwera akulira.

Tsiku limene ankamanga ulusi wofiira pakhadi lake, make Kadontho anafunsa kuti bwanji osangofufuta nambala ya mwamunayo, imene inalembedwa tsiku lobereka.

"Pakhadi sitifufuta kanthu, mwanangu, akhoti adzaifuna," anatero Mayi a Ulusi, akudula ulusiwo ndi mano. "Ndipo sindilembapo kuti anakumenya. Cholembedwa amawerenga wonyamula mafayilo, amawerenga wosesa, amawerenga mlamu wa munthu. Ulusi ndimawerenga ndekha."

Lachinayi lina m'mawa make Kadontho anapita kukatenga kalata yopita nayo kukhoti. Tsiku la mwana kwa dokotala linali Lolemba lotsatira. Atangokhota pakhonde, anaima. Panja pa ofesi anali atandandalika mipando yapulasitiki, pachitseko atamanga riboni. Iye sankakonda zinthu zosintha mosamuuza. Anasuzumira kaye, n'kulowa cham'mbali.

Mayi a Ulusi munalibe. Pampando wawo panali bambo wamtali wa magalasi, chikwama chakuda chili kumsana ngakhale anali atakhala pansi, ngati wabereka mwana. Anamwino ankawatchula kuti a Chikwama. Make Kadontho anali atawaonapo kawiri. Ndi amene ankaika ntchito yonse ya ofesiyo mu kompyuta. Akatswiri ena awiri anabwerapo m'mbuyomo, n'kusiya makina ofunda nsalu pakona, koma a Chikwama anthu ankawayamikira. Miyezi itatu yathunthu ankafika m'mawa, n'kukhala pa sitoolo, n'kumafunsa mafunso ngati mwana wa sukulu: munthu akakhala ndi maina awiri mulemba liti, wopanda adiresi mumupeza bwanji, agogo akabwera m'malo mwa mayi khadi limakhala la ndani.

"Mayi ali kukhoti kuyambira Lolemba, nkhani ya mwana wina," anatero a Sisita a kwa ana, amene ankapukuta tebulo. "Afika chakumasanaku. Khalani, amake Kadontho. Lero mwabwera tsiku labwino, muonera zakwathu kuno zikulowa m'makono."

Make Kadontho anakhala pabenchi yakukhoma, n'kumasula mwana.

"Ndiye 12 koloko bwana wamkulu adina batani?" anafunsa a Sisita.

"Batanilo ndi la pachithunzi chabe," anaseka a Chikwama. "Ndaitchera kale kompyuta kuti ikangokwana 12 itumize yokha. Mabwana akadina molakwika amati makina ndi oipa. Aliyense amene ali ndi tsiku lobwera sabata yamawa alandira uthenga pafoni: tsiku, ola, chipinda. Zoiwala zatha, Sisita."

"Inu ndiye mwatigwirira ntchito. Makhadi onse aja mwamaliza?"

"Dzulo. Makina ojambulirawa amangomeza ngati nkhuku pa chimanga. Chovuta chinali timaulusi tija, tinkakola mkati. Ndinachita kutidula kamodzikamodzi, zala zatupa izi."

Apa ndi pamene make Kadontho anaona kapu. Inali pawindo, kapu yoyera yothyoka chogwirira, yodzaza ndi timaulusi: tobiriwira, tachikasu, ndi tofiira tambirimbiri, topotana ngati nyongolotsi. Anayang'ana wotchi yapakhoma. Inali itapitirira 11 ndi mphindi makumi awiri.

Anaona m'maganizo foni ya mwamuna wake yosweka galasi ikulira m'thumba la jekete, chala chachikulu chija chikutsegula uthenga. Lolemba, 9 koloko, chipinda cha ana. Anamuona ataima pageti, akumwetulira alonda monga ankachitira pamaso pa anthu.

Anafuna kuyankhula. Ayambire pati? Auze bambo wachilendo, pamaso pa a Sisita, zimene ngakhale amayi ake omubereka anawauza mwatheka? Ndiponso iye ndani kuti aimitse chinthu cha mabwana, cha riboni ndi mipando? Mwina bamboyo akudziwa kale. Mwina anthu ophunzira chonchi sangaiwale chinthu chotere. Anabereka mwana mofulumira, n'kutuluka.

Anayenda mpaka pa chipinda chochapira. Makina ankazunguza nsalu za pabedi, fungo la sopo lili tho. Anaganiza zongopita, osadzabweranso Lolemba, osadzabweranso konse. Koma Kadontho anatsokomola kumsana, katsokomole kake kakang'ono kaja, ndipo make anamva kamtima kakugunda pamsana pake, mofulumira ngati ka mbalame. Mankhwala a m'botolo anali atatsala a masiku asanu. Kenako anakumbukira kuti m'kapu muja ulusi wofiira sunali umodzi.

Anabwerera. Analunjika patebulo.

"Pepani bambo," anatero, mawu akutuluka ngati a munthu wina. "Mundionereko nambala imene ili pakhadi la mwana wanga."

A Chikwama anafunsa dzina lenileni la mwanayo, n'kulemba, n'kutembenuza kompyuta monyadira. "Iyi. Mukuona? Sekondi imodzi. Kale Mayi akanafufuza dirowa lonse."

"Uthenga upita pa nambala imeneyo?"

"Ikangokwana 12."

"Si yanga." Anakweza mlomo wam'mwamba ndi chala, kuonetsa pamene panali dzino. "Ndi ya amene anandichita ichi. Akufuna mwanayu. Pakhadi langa panali ulusi wofiira. Wofiira ndiye kuti osaimba."

A Chikwama anayang'ana mkaziyo, n'kuyang'ana kapu yapawindo, n'kuyang'ana wotchi. Make Kadontho ankadziwa nkhope ya mwamuna akauzidwa kuti walakwa, ndipo thupi lake linali litakonzeka kale, mapewa atakwera, phazi limodzi litaloza kuchitseko. Koma bamboyo sanakweze mawu. Anavula magalasi, n'kuwaika patebulo pang'onopang'ono.

"Ine ndimayesa ndi zomangira mapepala," anatero motsitsa. "Miyezi itatu ndafunsa chilichonse m'chipinda chino, kupatula chimenechi." Anavalanso magalasiwo. "Mayi, khalani pansi. Palibe uthenga utuluke muno."

Zala zawo zinathamanga pa mabatani. Analemba, anafufuta, analembanso. Atamaliza anagwada pansi pa tebulo, chikwama chili kumsana, n'kuzula chingwe cha intaneti pakhoma, n'kuchikulunga, n'kuchipereka kwa make Kadontho.

"Ndaimitsa kale mkatimu, koma lero sindikudzikhulupirira. Gwirani inuyo. Musandipatse mpaka Mayi anene."

"Nanga bwana?" a Sisita anagwira pakamwa. "Alendo afika kale, ali ku ofesi kwawo akumwa tiyi!"

"Amwe kapu yachiwiri."

Mayi a Ulusi analowa itatsala pang'ono kukwana 12, thukuta lili pamphumi, fayilo ya kukhoti ili kukhwapa. Anaona kapu, anaona madirowa, anaona chingwe m'manja mwa make Kadontho. Anakhala pa sitoolo ya a Chikwama.

"Mwandivula ana anga onse," anatero.

"Ndalakwa, Mayi. Munandilola kujambula, ine n'kudula osafunsa."

"Watuluka uthenga?"

"Ngakhale umodzi. Atipulumutsa ndi mayiwa."

Mayi a Ulusi anapuma mozama. "Nanenso ndalakwa, achimwene. Chinsinsi ndachisunga mpaka kwa mmisiri womanga nyumba yoti chizikhalamo." Anavula nsapato za kukhoti, n'kuponda zoyendera zija. "Basi, kulira tilira mawa. Sisita, tsanulirani kapuyo patebulo. Tiwerenge ofiira."

Ali mkati mowerenga, pakhonde panamveka nsapato zambiri. Bwana wamkulu wa chipatala anafika ndi alendo anayi ndi wojambula zithunzi, lumo lodulira riboni lili m'manja. Make Kadontho anadzipanikiza pakona, chingwe atachibisa m'nsalu yoberekera. A Chikwama anatuluka okha, n'kutseka chitseko kumbuyo kwawo, koma mawu ankalowa.

"Bwana, lero sititsegula."

"Mwati chiyani? Si inu munandiuza dzulo kuti zonse zili m'malo?"

"Ndinanena, ndipo ndinanama osadziwa. Makina ali bwino. Cholakwika ndachita ndine. Ndachotsa chizindikiro chimene chimateteza amayi othawa nkhanza, ndipo tikanatumiza lero, amuna awo akanadziwa tsiku lowapezera pano."

"Simungatumize kwa ena okhaokha, alendowa aoneko? Achokera kutali."

"Sindikudziwa kuti enawo ndi ati, bwana. Ndicho chifukwa chake."

Kenako mayi mmodzi mwa alendowo anafunsa kuti chizindikirocho chinali chotani, ndipo atamva kuti ndi ulusi wosokera, anati, "Ha!" Nsapato zija zinabwerera, za bwana zikugunda kwambiri kuposa zinzake. A Chikwama analowa akupukuta thukuta.

"Andiitana mawa 8 koloko," anatero. "Mwapeza angati?"

"Makumi atatu ndi asanu ndi atatu," anayankha a Sisita.

Vuto linali lakuti ulusi uliwonse, wa mtundu uliwonse, unasiya kabowo kofanana pakona ya khadi. Makhadi oboola analipo pafupifupi mazana asanu ndi limodzi. A Chikwama anawasankha onse n'kuwaunjika, ndipo Mayi a Ulusi analowetsa ulusi m'singano n'kuyamba.

Make Kadontho sadzaiwala masana amenewo. Mayiwo ankatenga khadi, n'kungoyang'ana dzina, osawerenga zapansi. "Uyu wobiriwira, ana ake onse ali kunja. Uyu wachikasu, samva khutu lakumanja, lakumanzerenso amangonamizira. Uyu wofiira." Akafika pa wofiira sankanena china, ankangolowetsa ulusi ndi kumanga. Nthawi zina ankagwira khadi kanthawi, n'kulisisita ndi chala chachikulu ngati tsaya la mwana. Anthu mazana asanu ndi limodzi, ena anabwera zaka zisanu ndi zitatu zapitazo, onse anali m'mutu wa imvi uja, ndi apongozi awo, ndi matenda awo, ndi mantha awo.

"Mayi, kompyuta yanga ikuchita manyazi," anatero a Chikwama.

"Isachite manyazi, iphunzire. Ine chaka chamawa ndikupuma pantchito. Mukuganiza kuti ndinavomera makina anuwa chifukwa chokonda mawaya? Mutuwu ukapita kunyumba, amayi awa atsala ndi ndani?"

Kadontho anayamwa, anagona, anadzuka, n'kuyamba kusewera ndi chingwe cha intaneti. A Sisita anapita ku wodi n'kubwerako ndi mabanzi anayi. Pofika 4 koloko mulu unatha, koma patebulo panatsala timaulusi tofiira tiwiri.

Mayi a Ulusi anatseka maso, milomo ikuyenda. Anabwereza mulu wa obiriwira, anabwereza wa achikasu. "Awiri andithawa," anatero. "Ndakalamba, achimwene. Alipo awiri ndawaika polakwika."

Make Kadontho anali atakhala maola anayi akuyang'ana makhadiwo, poti kuyang'ana ndiyo inali ntchito imene ankaidziwa bwino. Anali ataona kanthu, koma ankaopa kuti n'kachabe.

"Mayi," anatero, "ulusi wofiirawu umasuluka mtundu ukanyowa. Ndinasokerapo kadiresi ka mwanayu, kanathimbirira. Taonani pa khadi langa, m'mbali mwa bowomo."

Anapita nalo pawindo. M'mphepete mwa kabowo munali kamzere kofiirira, kochepa ngati nsidze ya khanda, kosiyidwa ndi chinyezi cha nyengo ya mvula. Anayang'ana makhadi ena ofiira: onse anali nako. Atatuwo anagawana milu ija, aliyense pawindo lake, khadi lililonse kuliloza kudzuwa. A Chikwama anapeza limodzi. Lomaliza analipeza make Kadontho, pansi penipeni pa obiriwira.

Mayi a Ulusi anawerenga dzinalo n'kudzimenya pachipumi. "Mphunzitsi uja! Anabwera kamodzi kokha, atavala magalasi akuda mvula ikugwa." Anamanga ulusiwo mfundo ziwiri. "Mwanangu, maso akowa usadzawapeputse."

A Chikwama anatulutsa kope m'chikwama chija, n'kukhala pa sitoolo. "Tsopano ndiphunzitseni. Ndiike bokosi lolemba kuti wothawa nkhanza?"

"Kuti aliyense wotsegula awerenge? Ayi."

"Ndiye ndiike kachizindikiro kofiira pa dzina."

"Kalaliki wa polandirira alendo akakaona adzafunsa tanthauzo lake. Pakutha pa sabata chipatala chonse chadziwa."

A Chikwama anakanda m'mutu ndi cholembera, n'kutembenukira kwa make Kadontho. "Inu mayi, mwini nkhani, mukufuna munthu akafunsa za inu pawindo paja aone chiyani?"

Palibe amene anamufunsapo funso lotere. Anaganiza kaye. "Asaone kanthu," anatero. "Ngati kuti kulibe. Koma dokotala aziona, chifukwa mwanayu amafunika mankhwala."

"Ndipo uthenga?"

"Upite pa nambala imene ndapereka ndekha m'manja mwa Mayi. Usatchule chipatala kapena dzina la mwana. Tsiku ndi ola basi. Foni imatha kugwera m'manja mwa wina."

A Chikwama analemba zonse, liwu ndi liwu, osasintha. Atamaliza anatambasula dzanja, n'kuyang'ana Mayi a Ulusi. Mayiwo anagwedeza mutu kukana.

"Chingwe chigona muno m'dirowa, ine ndi kiyi. Mudzachitenga mukadzandionetsa kuti onse makumi atatu ndi asanu ndi atatu abisika."

"Chilungamo chake," anatero a Chikwama.

Lolemba make Kadontho anafika 8 koloko, ola lathunthu nthawi yake isanakwane. Anaima kutsidya kwa msewu, kuseri kwa galimoto yoimika, n'kuyang'ana pageti. Anayang'ana amuna onse a jekete, mmodzimmodzi. Anayang'ana pansi pa mtengo, pamene amuna amadikirira. Munthu uja panalibe.

Komabe mtima wake sunkakhulupirira chinthu chimene sunayese. Riboni ija inali isanadulidwe, koma makompyuta a polandirira alendo anali atayamba kale kugwira ntchito. Pawindo lachiwiri panali kalaliki wamkazi amene sankamudziwa. Make Kadontho anafunditsa mwana kumutu, n'kuima pamzere.

"Ndithandizeni, achemwali," anatero atafika, akudzimwetulitsa. "Ndine azakhali ake a mwana wina amene amabwera kwa dokotala wa mtima. Ndikufuna ndidziwe tsiku lake, ndidzawaperekeze." Anatchula dzina lenileni la Kadontho.

Kalalikiyo analemba, n'kuyang'ana, n'kufunsa kalembedwe kake, n'kulembanso.

"Dzina limeneli mulibe muno, mayi. Mwina amapita chipatala china."

"Taonaninso bwino. Kamwana kakang'ono, kanabadwira konkuno."

"Ndaona kawiri. Mulibe. Wotsatira!"

Make Kadontho anachoka pawindopo ngati watula mtolo umene anaiwala kuti wasenza. Anayenda khonde la kwa ana, ndipo a Sisita atamuona anakuwa, "Kadontho, 9 koloko, dokotala wakuona kale pa kompyuta yake! Bwera tikuyeze, bwanawe."

Sikelo inaonetsa kuti wawonjezera theka la kilo.

Potuluka anadutsira ku ofesi ya kumapeto kwa khonde. A Chikwama anali pa sitoolo yawo, maso ali ofiira ndi ntchito ya Loweruka ndi Lamlungu, akufunsa Mayi a Ulusi za ulusi wachikasu: uthenga wolembedwa umuthandiza chiyani munthu wosawerenga? Pa lamba wa chikwama chawo anali atamangapo kaulusi kofiira.

"Bwana anakutani?" anafunsa make Kadontho.

"Anandikalipira theka la ola, kenako anafunsa ngati ku wodi ya amayi kulinso timaulusi totere. Ndikupita kumeneko mawa, ndi kope langa." Anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Ndamva kuti pawindo lachiwiri panabwera azakhali ena ovuta."

Make Kadontho anaseka, dzanja lili pakamwa kubisa gweru. Benchi yakukhoma inali itadzaza. Panatsala mpando umodzi wokha, wapakati, woyang'ana tebulo, chitseko chili kumbuyo. Anauyang'ana kanthawi. Kenako anamasula mwana, n'kukhalapo, ndipo anangocheuka kamodzi kokha.